Tenti ya kanivasi kapena ya poliyesita? Apongozi andisiyira nkhaniyi ndipo Okutobala wayandikira

Mkamwini_wa_ku_Denver
Abale anzanga, ndabwera ndi funso loti ena museka, koma ndithandizeni. Ndimakhala ku Colorado, chaka chino ndi chachisanu ndi chimodzi. Apongozi anga aamuna ndi anzawo awiri amapita kukasaka elk chaka chilichonse m'mapiri a kumadzulo kwa Denver, amamanga msasa n'kukhala komweko sabata yathunthu. Elk ndi mbawala yaikulu ya nyanga zanthambinthambi, ganizirani ngoma yonenepa bwino n'kuwonjezerapo. Chaka chatha ananditenga koyamba.

Tenti imene amagonamo ndi zija za makoma oimirira ngati nyumba, kuno amati wall tent. Munthu umayendamo choimirira, pakona pali chitofu cha nkhuni, chumuni chake chimatulukira kudenga. Yawo yakale yatha, ndipo yogula ina yagwera ine. Kukula kwake akufuna mafiti 12 kwa 14, kungoti mamita 3.7 kwa 4.3. Vuto ndi nsalu. Pali ya kanivasi, nsalu yokhuthala ya thonje ija, ndiye pali ya poliyesita, yopepuka kwambiri. Apongozi akungoti "you decide" koma nkhope yawo ikunena zina. Amene munagonapo m'matenti amenewa, ndigule iti?

Chatsalira265
Ife kuno tikusaka mafuta a galimoto pamzere, inu mukusaka mbawala ku America. Mulungu sapatsa mofanana ndithu.

NaPhiri_Leeds
Achimwene, tisanafike pa nsalu, tatiuzani kaye: n'chifukwa chiyani yogula yagwera inu, mkamwini, pamene eni msasa alipo atatu? Pali chimene simukunena apa.

Mkamwini_wa_ku_Denver
Achemwali mwandigwira. Chaka chatha titatsika kuphiri ndinadzipereka kuti tentiyo ndisunga ine, kufuna kuoneka mkamwini wodalirika. Tinaipinda m'mawa kuli chisanu, ine n'kuiona ngati youma. Ndimakhala m'fulati, ndiye ndinangoiponya m'kachipinda kosungiramo katundu pansi. Mu Julayi ndikukatsegula, fungo lake ngati chimanga chochita chuku. Denga lonse mathothomathotho akuda, ndipo pena ukangoloza ndi chala ikung'ambika. Tenti imeneyi akuti anaigula mkazi wanga asanayambe sukulu. Apongozi sanakalipe. Anangoiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti inagwira ntchito yake. Bola akanandikalipira.

NaPhiri_Leeds
Eee, pepani. Zaka makumi atatu m'manja mwa eni ake, miyezi isanu ndi itatu m'manja mwa mkamwini.

Wa_ku_Mfuwe
Ine nagwira ntchito m'makampu a alendo kuno ku Luangwa zaka zambiri, mbali ya Lupande, kuyambira ndili wonyamula madzi mpaka kuyang'anira anyamata omanga. Ndikuuzani mosapita m'mbali: gulani kanivasi. Kuno mu Okutobala kutentha kumadutsa madigiri 40. Tenti ya nayiloni masana simungalowemo, imakhala ngati uvuni. Kanivasi ili pamthunzi, mwaika denga lachiwiri pamwamba, mlendo amatha kugonamo masana. Nsalu ya thonje imapuma, mpweya umadutsa. Ndipo usiku mphepo ikawomba siichita phokoso ngati jumbo.

Za chuku mwanenazo ifenso tizidziwa. Mvula ikayandikira mu Novembala timagwetsa kampu yonse chifukwa chigwa chimadzaza madzi. Tenti iliyonse timaitsuka ndi burashi, kuiyanika masiku awiri kapena atatu, kenako kuisunga pathandala, osati pansi, chifukwa chiswe ndi makoswe zimakonda thonje. Amene wapinda tenti yonyowa chaka chotsatira sitimuitananso. Vuto si nsalu, vuto ndi wosunga.

Mkamwini_wa_ku_Denver
Bambo a ku Mfuwe, mawu omalizawo andilasa koma ndawalandira. Kungoti kwathu kuno nkhani si kutentha. Msasa wathu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 3,000, kufanana ndi nsonga ya Sapitwa. Usiku madzi m'chigubu amauma gwa. Tsiku lina tinadzuka snow yafika m'mawondo.

Mphunzitsi_wa_Sayansi
Kuzizirako ndi kumene kukupangitsa kuti nkhani ya nsalu ikhale yaikulu, ndipo ndilongosole pang'ono chifukwa ndi phunziro lomwe ndimaphunzitsa Fomu 3.

Munthu akagona amatulutsa nthunzi popuma ndi pathukuta. Inu mulipo anayi. Onjezerani masokosi onyowa omwe mwayanika pafupi ndi chitofu, nsapato, ketulo ikuwira, ndi dothi la pansi lomwe likutulutsa chinyezi likamva kutentha. Madzi onsewa ali mumpweya wofunda wa m'katimo. Mpweyawo ukakhudza nsalu yozizira, nthunzi imasanduka madontho, monga zimachitikira pa chivundikiro cha mphika kapena pa malata a nyumba yopanda siling'i m'mwezi wa Juni.

Thonje limamwa chinyezicho n'kuchipititsa kunja pang'onopang'ono. Poliyesita yopakidwa mankhwala oletsa madzi siimwa, ndiye madontho amangokhala m'kati. Moto ukazima pakati pa usiku madonthowo amauma n'kukhala chisanu padenga. M'mawa wina akakoleza moto, chisanucho chimasungunuka, mvula n'kugwa m'nyumba kunja kuli dzuwa.

Chinanso: ngati mukuganiza zowotha ndi gasi m'malo mwa nkhuni, dziwani kuti kilogalamu imodzi ya propane ikayaka imatulutsa madzi opitirira kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo ngati chowothera chanu chilibe chumuni onsewo amatsala m'tenti. Chitofu cha nkhuni utsi ndi nthunzi yake zimatuluka ndi chumuni, n'chifukwa chake kutentha kwake kumaumitsa zovala.

Idaho_Nyasa
Aphunzitsi, za m'buku mwanena zoona, koma mwakokomeza. Ine ndili ku Idaho, ndagona mu ya poliyesita nyengo zinayi. Madontho amakhalapo, inde, koma si mvula imene mukunenayo. Mukasiya timawindo ta pamwamba totsegula, pansi mwayala lona, ndipo moto sukuzimiratu, m'mawa mumangopeza makoma anyowa pang'ono. Mumapukuta ndi thaulo, basi.

Tsono tamverani zomwe a kanivasi sanena. Mnzanga ali ndi ya kanivasi ya saizi yomweyo. Tinaipima pa sikelo ili youma, makilogalamu 30 ndi kanthu, nsalu yokhayo, osawerengera mapaipi ndi chitofu. Yanga ndi pafupifupi theka la pamenepo. Ikanyowa yake anthu awiri amabuula poikweza m'galimoto. Yanga ndimaikutumula, kufika kunyumba ndimaiponya pa mpanda, maola awiri yauma. Ndipo ndikaiwala kwa sabata siiwola. Ikhoza kununkha, koma ulusi wake chuku sichidya.

Achimwene a ku Denver amakhala m'fulati. Mukuwauza kuti agule chinthu chomwe anachipha kale kamodzi.

Wa_ku_Mfuwe
Ndiye munthu akapsereza nsima kamodzi asiye kudya nsima?

Idaho_Nyasa
Ayi, koma ngati alibe mthiko asatenge ufa wa eni.

Gogo_Chalo
Zidzukulu, ine ndingofunsa. Uzimba wa masiku ano ndi wonyamula nyumba ndi chitofu? Ife ku Dzalanyama kalelo tinkapita ndi uta, nthungo ndi agalu. Dzuwa likalowa mumadula mitengo iwiri, kusanja nthambi, kufolera udzu, msasa watha. Moto pakhomo. M'mawa mumausiya pomwepo, palibe woyanika, palibe chuku.

Mkamwini_wa_ku_Denver
Agogo, msasa wa udzu kunoko simungaone m'mawa. Kuzizira kwake si kwa Dedza kapena chiperoni cha ku Thyolo. Ine usiku woyamba ndinagona ndi jekete ziwiri ndi chipewa, koma mano anali kugundana mpaka apongozi anadzuka kuwonjezera nkhuni.

Chatsalira265
Agogo musamatchule za uzimba pagulu pano. Lamulo la nyama zakuthengo analikhwimitsa mu 2017, zina ukapezeka nazo ndi zaka mpaka 30 kundende. Ife tatsala ndi mbewa basi, ndipo kusosa mbewa sikufuna tenti.

Gogo_Chalo
Ndikunena za nthawi ya atsamunda, iwe. Akandimange mafupa.

Mlonda_Limpopo
Ndiloleni ndiponyepo. Ndimagwira pa famu ya nyama kuno ku Limpopo. Nyengo yosaka kwathu ndi yachisanu, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, akubwera anthu ofuna nyama yoti aumitse, imene kuno amati biltong. Mukukangana ngati nsalu zilipo ziwiri zokha. Matenti ambiri omwe timagwiritsa ntchito kuno amatchedwa kanivasi koma si thonje lokhalokha. Ndi ripstop, ulusi wa poliyesita, ena osakaniza ndi thonje, yolukidwa timabokosi kuti ikang'ambika ng'ambiyo isathamange. Makampani ngati Tentco ndi Campmor amapanga zoterozo. Imalemera ndithu, koma siiwola msanga ngati thonje. Funsani ngati kwanuko kulibe yapakatikati.

Koma chenjezo langa lili pa dzuwa. Tili ndi matenti a nayiloni otchipa omwe alendo amasiya. Akakhala padzuwa nyengo imodzi amatuwa, ukagwira amangothetheka ngati pepala. Dzuwa limadya nayiloni msanga kuposa poliyesita, ndipo pamwamba pa phiri dzuwa limaluma kwambiri ngakhale kukuzizira. Musagule chinthu chifukwa angolemba kuti synthetic. Funsani kuti ndi ulusi wanji.

Idaho_Nyasa
Yapakatikati iliko. Montana Canvas amapanga ina yomwe denga ndi kanivasi koma makoma ndi nsalu yawo yopepuka yotchedwa Relite. Nzeru yake ndi yakuti nthunzi imakwera m'mwamba, ndiye denga likhale lopuma, pamene makoma omwe amakhudza matope ndi snow akhale osawola. Kulemera kumatsika ndithu. Koma dengalo muyenera kuliyanikabe, musaganize kuti mwathawa.

Mayi_a_Matenti
Ine bizinesi yanga ndi yobwereketsa matenti a maliro ndi maukwati kuno ku Area 25, ndiye za mbawala sindidziwa, koma nsalu ndimaidziwa. Ndinayamba ndi matenti awiri a nsalu ya thonje obiriwira aja, ogula kwa munthu wina amene ankawatenga ku Joni. Tsopano ndili ndi a pulasitiki okhaokha. Chifukwa chake ndi chimodzi: anthu amabweza tenti yonyowa. Maliro akatha palibe amene amaganiza zoyanika, amangopinda n'kuponya pa lole. A thonje aja anatha mvula ziwiri.

Koma ndivomereze, pamaliro a mu Okutobala azimayi amadandaula kuti a pulasitiki akuwaphika. Ndipo mvula ikagwa usiku pa siwa, m'kati mumadontha thukuta la anthu omwewo. Ndiye zomwe anena aphunzitsi ndazionapo ndi maso.

Langizo langa, bambo: musayang'ane sabata imodzi imene tenti ikhale kuphiri. Yang'anani masabata 51 omwe ikhale m'nyumba. Ikakhala kwa ndani? Ali ndi poyanika?

Mkamwini_wa_ku_Denver
Mayi, funso lanu ndi lomwe likundisowetsa tulo. Apongozi ali ndi galaja yaikulu, kale ankaipachika m'menemo pa zingwe sabata yonse. Chaka chatha ndinaitenga ine chifukwa anali atachita opaleshoni ya phewa, sakanatha kuikweza. Phewalo mpaka pano silinabwerere bwino. Anzawo awiriwo nawonso ndi azigogo, wina ali ndi zaka 71. Kunena zoona wonyamula ndine ndekha.

Idaho_Nyasa
Mwaona? Nkhani yatha. Poliyesita.

Namadzi_Billings
Siinathe, dikirani. Palibe amene wafunsa kuti tentiyo imafika bwanji pamsasa, ndipo palibe wanena za moto.

Mwamuna wanga ndi wa kuno ku Montana, ndipo mchimwene wake amaperekeza alenje ku Bob Marshall Wilderness, nkhalango yotetezedwa ya m'mapiri a kuno. Kumalo ngati amenewo lamulo la 1964 limaletsa galimoto, njinga yamoto, ngakhale macheka a injini. Katundu yense amapita pamsana pa mahachi ndi nyulu, ndipo nkhuni amacheka ndi manja. Kumeneko kilogalamu iliyonse imawerengedwa, komabe ambiri a iwo amanyamula kanivasi. Mitengo ya tenti sanyamula, amadula youma komweko. Ndinamufunsa chifukwa chake, anati munthu amene walipira ndalama zambiri sangalole kudonthedwa ndi madzi pamphumi usiku, komanso kanivasi ikang'ambika amasoka pomwepo ndi singano yaikulu.

Tsono ngati anthu a nyulu akupirira kulemerako, inu amene mumafika ndi galimoto mpaka pamalo pomwe, kulemera ndi vuto la mphindi khumi: kutsitsa ndi kukweza. Pamene kudontha ndi vuto la usiku uliwonse kwa sabata.

Za moto. Nkhuni za paini zimathetheka kwambiri. Timakala timakwera ndi chumuni n'kugwera padenga. Pa poliyesita kakala kakangotera kamasungunula kabowo pomwepo, ndipo pakutha pa sabata denga limaoneka ngati sefa mukayang'ana kudzuwa. Kanivasi siisungunuka, kakala kakang'ono kamatha kuzima kasanaboole. Koma musanamizidwe kuti thonje silipsa. Losapakidwa mankhwala limanyeka mwakachetechete, kenako kuyaka. Pogula onetsetsani kuti ndi yopakidwa mankhwala oletsa moto, amalemba CPAI-84, kuwonjezera pa oletsa madzi ndi chuku omwe ambiri amawatcha Sunforger. Pamwamba pa chumuni muike kasefa kotchinga makala, koma muzikagogoda tsiku lililonse chifukwa kamatsekeka ndi mwaye, utsi n'kubwerera m'kati.

Ndipo mugule iliyonse, ikani denga lachiwiri pamwamba. Lona wamba amakwana, bola mumuboolere malo okwanira kuti asakhudze chumuni. Snow imatsetsereka pa lona, pamene pa kanivasi imakakamira mpaka kupinda mapaipi. Makala amaboola lona wotchipa m'malo mwa tenti yodula. Ndipo denga likakhala louma, ntchito yoyanika yachepa kale.

Mkamwini_wa_ku_Denver
Achemwali a ku Billings, zikomo kwambiri. Timafika ndi galimoto, msewu wa m'nkhalango ya boma, tenti timamanga mamita makumi awiri kuchokera pomwe taimika. Ndipo lona pamwamba sitinaike chaka chatha. Mwina ndi pomwe zinayambira.

Idaho_Nyasa
Za timabowo sindikana, yanga ili nato tisanu ndi tiwiri, ndinamata ndi zigamba. Koma achemwali, mlamu wanuyo ali ndi anyamata olembedwa ntchito ndi khola lalikulu loyanikiramo. Mnzathuyu ali yekha ndi madala atatu.

Namadzi_Billings
Ali ndi galaja ya apongozi. Chasowa ndi chiyani? Makwerero ndi Loweruka limodzi.

Nesi_wa_ku_Joni
Pepani ndilowerere, nkhani yanga si ya nsalu koma ndisanyamuke nayo. Chaka chilichonse nthawi yachisanu kuno ku Johannesburg timalandira anthu, ena a kwathu omwe, amene analowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka mawindo. Mpweya wa carbon monoxide sununkha, suoneka. Umayamba ndi mutu, chizungulire, tulo, kenako munthu sadzukanso. Tenti ya nsalu yosapuma, mwatseka paliponse chifukwa cha kuzizira, snow yatseka m'munsi mwa makoma, wina n'kuyatsa gasi kuti afunde: ndi chipinda chomwecho. Ngakhale kanivasi ikakutidwa ndi chisanu imasiya kupuma. Gulani ka alamu ka mabatire kochenjeza za mpweyawu, n'kotchipa kuyerekeza ndi tentiyo. Kuphiri mutu umapweteka kale chifukwa cha kutalika kwa malo, ndiye mukhoza kuganiza kuti ndi phiri chabe.

Mphunzitsi_wa_Sayansi
A nesi anena zofunika kuposa tonsefe. Ndingowonjezera kanthu kosangalatsa popeza ndaona achimwene atumiza chithunzi cha kabuku ka sitolo. Palembedwa kuti 10.10 oz army duck. Nambalayo ndi kulemera kwa nsalu pa yadi imodzi mbali zonse. Koma liwu loti duck apa si bakha. Linachokera ku Chidatchi, doek, kutanthauza nsalu. Ndi liwu lomwelo lomwe linabwera kwathu kudzera ku Joni n'kukhala duku. Ndiye mukugula duku lalikulu. Ndipo liwu loti canvas linachokera ku cannabis, chifukwa kalelo nsalu za zombo ankaluka ndi ulusi wa chamba.

Chatsalira265
Aphunzitsi mwatsegula maso anga. Chamba cha mafakitale chinaloledwa mu 2020, thonje lili mbwee ku Chikwawa ndi ku Balaka. Bwanji osasoka matenti ife n'kumagulitsa kwa apongozi a anzathuwa?

Mayi_a_Matenti
Kasokeni, ine ndidzakhala kasitomala woyamba. Koma mudzandipatse ndi mnyamata woyanika.

Wodzipereka_Nsanje
Popeza tapatuka kale. Ine ndinathandiza nawo m'misasa ya anthu othawa madzi pa Idai mu 2019 ndi pa Freddy mu 2023. Kunabwera matenti osiyanasiyana. Ansalu yosakaniza thonje ndi poliyesita anthu ankatha kukhalamo masana. Amene anangopatsidwa mapepala a pulasitiki n'kumanga okha, masana onse ankakhala pansi pa mitengo, usiku zofunda zinkanyowa ndi mame a m'kati. Koma ansalu aja m'munsi mwake ankada ndi chuku pasanathe miyezi ingapo chifukwa pansi panali chinyontho nthawi zonse. Zomwe mukukanganazi ife tinaziona pa mabanja a ana asanu, osati pa tchuthi. Sindikudzudzula, ndangokumbuka.

Mkamwini_wa_ku_Denver
Ndamva, achimwene, ndipo mwandichititsa manyazi pang'ono ndi vuto langa la anthu okhuta.

Wa_ku_Mfuwe
Tibwerere ku tenti. Mukagula ya kanivasi, musapite nayo kuphiri ili yatsopano osainyowetsa. Imangeni pabwalo, ithireni madzi ndi paipi mpaka inyowe yonse, isiyeni iume, bwerezani kawiri. Ulusi wa thonje umafufuma n'kutseka timabowo ta singano m'misoko. Anthu ambiri amabweza tenti kusitolo kuti ikudontha pamene sanachite zimenezi. Komanso thonje limafupika pang'ono likanyowa koyamba, ndiye ngati mapaipi mudula nokha, mufunse ogulitsa muyezo wake, musadule ongokwana ndendende. Sopo wa ufa musayerekeze, amachotsa mankhwala oletsa madzi.

Ndipo musaphikire nyama m'tenti yogonamo. Kanivasi imasunga fungo la mafuta zaka. Kuno ndi afisi omwe amabwera kudzanunkhiza. Kwanuko mwati kuli chiyani?

Namadzi_Billings
Zimbalangondo. Ku Colorado kuli zakuda zokha, kuno ku Montana tilinso ndi zazikulu zofiirira zotchedwa grizzly, ndipo m'nkhalango zambiri lamulo limati chakudya chipachikidwe mumtengo kapena chitsekeredwe m'bokosi lolimba. Pa chimbalangondo nsalu zonse ziwiri ndi chimodzimodzi.

Idaho_Nyasa
Ndiwonjezere mfundo imodzi ya mbali yanga, kenako ndikhala chete. Nonse mukuwerengera kuti chitofu cha nkhuni chidzayaka. Zaka zouma boma limaletsa moto m'nkhalango, ndipo chiletso chikafika pa gawo lachiwiri, Stage 2, ngakhale chitofu cha nkhuni cha m'tenti sichiloledwa, chimatsala cha gasi chokha. A ku Denver akukumbuka Okutobala 2020, moto wolusa wa m'nkhalango za ku Colorado, wa East Troublesome ndi wa Cameron Peak, unali kuyaka nyengo yosaka ili m'kati. Chaka ngati chimenecho kanivasi yopanda moto ndi nyumba yozizira yolemera basi.

Mphunzitsi_wa_Sayansi
Koma achimwene, mwadzigwetsa nokha. Chaka chopanda nkhuni ndiye chowotha gasi, ndipo gasi ndi amene amadzaza madzi m'tenti. Pamenepo m'pamene nsalu yopuma ikufunika kwambiri.

Idaho_Nyasa
Ndinati ndikhala chete.

NaPhiri_Leeds
Ine sindinagonepo m'tenti chibadwire, koma ndakhala ndi apongozi zaka 19. Achimwene, mwawerenga zonsezi za nthunzi ndi makilogalamu, koma munanena nokha poyamba kuti nkhope ya bambowo ikunena zina. Munthu amene wagona mu kanivasi zaka makumi atatu, n'kumatcha za poliyesita dzina lanji? Tatiuzani.

Mkamwini_wa_ku_Denver
Amati ndi jumbo yokhala ndi chitseko.

NaPhiri_Leeds
Ndiye mukutifunsiranji?

Mkamwini_wa_ku_Denver
Ndimafuna wina andipatse chifukwa chomveka chothawira kulemerako, ndipo a ku Idaho anatsala pang'ono kundipatsa. Dzulo madzulo ndinapita kwa apongozi ndi kabuku ka Davis Tent, omwe ali konkuno ku Denver, ndi ka Montana Canvas. Ndinawaonetsa ya denga la kanivasi makoma opepuka ija. Anaiyang'ana, kenako anafunsa kuti makomawo mphepo ikawomba sachita phokoso? Sindinayankhe chifukwa sindikudziwa. A ku Idaho, yanu imatani?

Chomwe tagwirizana n'chakuti iliyonse imene tigule idzakhala ku galaja kwawo, osati kwa ine. Loweruka likubwerali ndikukamanga timawilo ta zingwe kudenga kwa galajayo kuti munthu mmodzi azitha kuikweza osatukula mkono. Lona wa pamwamba ndi ka alamu ka a nesi ndaitanitsa kale. Anandipatsanso tenti yakale ija kuti ndidulepo pomwe pali pabwino ndisoke zikwama za mapaipi ndi zikhomo. Sindikudziwa ngati ndi chikhululuko kapena chilango.

Idaho_Nyasa
Imachita phokoso, sindinama, makamaka zingwe zikakhwepa. Ndimagona ndi zotsekera m'makutu. Koma wa zaka 71 uja akamaliza kuliza mkonono, za makoma simudzazimva.

Mayi_a_Matenti
Zidutswa zotsalazo musasakanize ndi yatsopano m'chikwama chimodzi, chuku chimasamuka. Muzitsuke ndi viniga, ziume padzuwa kaye. Ndipo singano ya makina wamba ithyoka, pezani telala wa mipando ya galimoto.

Gogo_Chalo
Nanga mbawalayo chaka chatha munaipha?

Mkamwini_wa_ku_Denver
Agogo, tinaona mapazi ake okha.